Mayina a mitundu ya nkhani zopeka

Mayina a mitundu ya nkhani zopeka ndi mawu amene olemba, osindikiza, ogulitsa mabuku, oyang'anira malaibulale ndiponso owerenga amagwiritsa ntchito poika nkhani zopeka m'magulu. Ena mwa magulu odziwika bwino ndi nkhani zachikondi, nkhani zofufuza milandu, nkhani zoopsa, nkhani zamatsenga, nkhani zopeka zochitika m'nthawi yakale, komanso nkhani zopeka za sayansi. M'Chingerezi gulu lotere limatchedwa genre, mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza mtundu.

Palibe bungwe limene lili ndi mphamvu yokhazikitsa mayinawa padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anabwera nkhani zake zitayamba kale kulembedwa. N'chifukwa chake buku limodzi limatha kudziwika ndi mayina awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri olemba ndi owerenga amatsutsana pa dzina loyenera. Dzina limene buku lapatsidwa limakhudza shelefu imene liikidwepo, anthu amene aligule, mphoto zimene lingapikisane nawo, ndiponso ulemu umene wolemba wake alandire.

Njira zogawira nkhani

Mayina a mitundu ya nkhani sachokera pa muyeso umodzi. Ena amatengera kutalika kwa nkhani. Mwachitsanzo, oyendetsa mphoto ya Hugo, imene inayamba kuperekedwa m'chaka cha 1953, amaona nkhani yosafika mawu 7,500 kukhala yaifupi, ndipo yoyambira mawu 40,000 kupita m'tsogolo amaiona kukhala yaitali. Pakati pake pali magulu ena awiri otchedwa novelette ndi novella.

Mayina ena amatengera zimene zili m'nkhanimo, monga mlandu wakupha, nkhondo kapena ulendo wa m'mlengalenga. Ena amatengera zimene wowerenga amayembekezeka kumva mumtima, monga mantha kapena kuseka. Enanso amatengera msinkhu wa owerenga, monga mabuku a ana ndi mabuku a achinyamata.

Popeza miyeso imeneyi imapingasana, buku limatha kukhala m'magulu angapo nthawi imodzi. Buku la Frankenstein, limene Mary Shelley anatulutsa m'chaka cha 1818, ena amaliika pa nkhani zoopsa chifukwa cha chilombo chimene chili mmenemo. Wolemba wa ku Britain, Brian Aldiss, ananena m'chaka cha 1973 kuti ilo ndilo chiyambi cha nkhani zopeka za sayansi, poti chilombocho chinapangidwa ndi munthu wophunzira sayansi, osati ndi matsenga.

Ntchito ya dzina

Kwa wowerenga, dzina la mtundu wa nkhani lili ngati lonjezo. Munthu akatenga buku lofufuza mlandu amayembekezera kuti pomaliza wolakwa adziwika, ndiponso kuti wolemba samubisira zizindikiro zofunika. M'chaka cha 1928 S. S. Van Dine wa ku America analemba malamulo 20 a nkhani zotere, ndipo chaka chotsatira Ronald Knox wa ku England anatulutsa malamulo ake 10. Onse awiri ankafuna kuti wowerenga akhale ndi mwayi wotulukira yekha wolakwayo.

Chimodzimodzi ndi nkhani zachikondi zimene m'Chingerezi zimatchedwa romance. Bungwe la olemba nkhanizi ku America, Romance Writers of America, limati nkhani yotere iyenera kukhala ndi zinthu ziwiri: chikondi chikhale pakati penipeni pa nkhani, ndipo mathero ake akhale osangalatsa. Potengera muyeso umenewu, nkhani imene okondana amwalira kapena kulekana pomaliza ndi nkhani yokhudza chikondi, koma si ya gulu limeneli. Owerenga okonda gululi amadandaula kwambiri akagula buku lokhala ndi dzinali n'kupeza kuti likuthera m'maliro.

Kwa osindikiza ndi ogulitsa, dzina ndi chida cha malonda. Ku United States amagwiritsa ntchito mndandanda wotchedwa BISAC, pamene mndandanda wa Thema, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 2013, umagwira ntchito m'mayiko ambiri. Wosindikiza amasankha gulu la buku kuchokera pa mndandandawo, ndipo masitolo, kuphatikizapo a pa intaneti, amatsata zomwezo poliika pamalo pake.

Malaibulale ambiri ali ndi njira yosiyana. Dongosolo la Dewey, limene linayamba m'chaka cha 1876, limaika zolemba zaluso pa manambala oyambira 800 ndipo limazigawa motsata chilankhulo ndi kapangidwe. Zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa zili pa nambala 896. Dongosololi siliuza wowerenga ngati buku ndi lachikondi kapena loopsa, choncho malaibulale ena amamata timapepala pamsana pa buku kapena kupatula mashelefu apadera.

Kumene mayina amachokera

Mayina ena anayambitsidwa ndi olemba eni ake. Horace Walpole atasindikizanso buku lake la The Castle of Otranto m'chaka cha 1765, anawonjezera pa mutu wake mawu oti gothic. Kuyambira pamenepo mawuwa anayamba kuimira nkhani za nyumba zakale zamdima, mizukwa ndi zinsinsi za m'banja.

Ena anachokera pa maonekedwe a mabuku. Ku Italy nkhani zofufuza milandu zimatchedwa giallo, kutanthauza chikasu, chifukwa kampani ya Mondadori inayamba m'chaka cha 1929 kutulutsa mabuku otere ndi zikuto zachikasu. Ku France kampani ya Gallimard inayambitsa mndandanda wa Série noire m'chaka cha 1945, wokhala ndi zikuto zakuda, ndipo mawu oti noir akuimira nkhani za upandu zimene dziko lake ndi lodzaza katangale ndi kutaya mtima. M'mayiko ambiri olankhula Chingerezi, dzina la kampani ya Mills & Boon, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1908, linasanduka dzina la nkhani zachikondi zofulumira kuwerenga. Owerenga a m'mayiko angapo a mu Africa ankachita chimodzimodzi ndi mndandanda wa Pacesetters wa kampani ya Macmillan, umene unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: munthu ankangopempha Pacesetter osatchula wolemba.

Palinso mayina amene anayamba ngati nthabwala kapena chipongwe. M'chaka cha 1941 Wilson Tucker anapeka mawu oti space opera ponyoza nkhani zosalembedwa bwino za zombo za m'mlengalenga, powayerekeza ndi masewero otsatizana a pa wailesi otchedwa soap opera. Patapita zaka, chipongwecho chinazilala, ndipo lero osindikiza amalemba mawuwa pachikuto mosachita manyazi. Mawu oti steampunk anachokera m'kalata imene K. W. Jeter analembera magazini ya Locus m'chaka cha 1987, momwe mwanthabwala anasintha mawu oti cyberpunk kuti apeze dzina la nkhani zimene iye ndi anzake ankalemba, zochitika m'nthawi ya makina oyendera nthunzi.

Masiku ano mayina ena amafala kuchokera kwa owerenga. Mawu oti romantasy, ophatikiza nkhani zachikondi ndi zamatsenga, anatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 2020 kudzera mwa owerenga a pa TikTok, makamaka pokamba za mabuku a Sarah J. Maas ndi Rebecca Yarros. Masitolo ndi osindikiza anatsatira pambuyo.

Tanthauzo la dzina limasinthanso ndi nthawi. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mawu oti romance m'Chingerezi ankatanthauza nkhani yaitali ya zodabwitsa ndi zochitika zachilendo, posiyanitsa ndi novel imene inkafotokoza moyo wa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mabuku oyambirira a H. G. Wells, monga The Time Machine la 1895, ankatchedwa scientific romance ngakhale kuti si nkhani za zibwenzi.

Chitsanzo cha nkhani zopeka za sayansi

Gulu limene lakhala ndi mikangano yambiri ya mayina ndi la nkhani zopeka za sayansi. Hugo Gernsback, mbadwa ya ku Luxembourg imene inasamukira ku United States, anayambitsa magazini ya Amazing Stories mu April 1926 ndipo nkhani za mmenemo ankazitcha scientifiction. Magaziniyo itamuchoka m'manja m'chaka cha 1929, anayambitsa ina yotchedwa Science Wonder Stories, momwe anayamba kugwiritsa ntchito mawu oti science fiction. Mawuwa anali ataonekapo kale m'buku la William Wilson m'chaka cha 1851, koma anakhazikika chifukwa cha magazini a Gernsback.

M'chaka cha 1954 Forrest J Ackerman, mmodzi mwa okonda nkhanizi otchuka, anafalitsa chidule choti sci-fi, potengera mawu oti hi-fi a zida zomvera nyimbo. Atolankhani ndi anthu wamba anachilandira msanga chidulechi. Olemba ambiri ndi owerenga okhazikika anachikana, chifukwa ankachiona kuti chikuimira mafilimu otchipa a zilombo ndi timabuku tosalembedwa mosamala. Iwo anasankha chidule choti SF. Pofika zaka za m'ma 1970, ena anayamba kutchula sci-fi mwadala ngati "skiffy" pofuna kuonetsa kunyoza. Motero mawu amene munthu anasankha ankaulula ngati ali mkati mwa gulu la okonda nkhanizi kapena ndi mlendo. Kusiyanaku kwachepa m'zaka zaposachedwa, ndipo owerenga achinyamata ambiri amanena sci-fi popanda kuganiza zoti mwina wina akhumudwa.

Dzina lachitatu ndi speculative fiction, kutanthauza nkhani zongoyerekeza zimene zingachitike zinthu zitakhala mwina. Robert A. Heinlein analigwiritsa ntchito m'chaka cha 1947, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Judith Merril ndi olemba ena analikonda chifukwa ankafuna kulemba zambiri za maganizo a munthu ndi kakhalidwe ka anthu kusiyana ndi za makina. Lero dzinali limagwiritsidwa ntchito makamaka ngati ambulera yofunditsa pamodzi nkhani za sayansi, zamatsenga ndi zoopsa. Oliyamikira amati limathetsa mikangano ya malire. Olitsutsa amati ndi lotakata kwambiri moti siliuza wogula chimene chili m'bukumo.

Olemba amene amakana dzina

M'misika ya mabuku ya ku Ulaya ndi ku America muli kusiyanitsa pakati pa nkhani zimene zimaonedwa kuti ndi zaluso lapamwamba, zotchedwa literary fiction, ndi nkhani za m'magulu, zotchedwa genre fiction. Kwa nthawi yaitali nyuzipepala zikuluzikulu, mayunivesite ndi mphoto zotchuka zinkalemekeza kwambiri zoyambazo. Choncho olemba ena amaopa kuti dzina la gulu lingachititse kuti buku lawo lisaunikidwe mozama.

Kurt Vonnegut anadandaula m'chaka cha 1965 kuti kuyambira pamene anatulutsa buku lake loyamba, Player Piano, anatsekeredwa m'kabati ya nkhani za sayansi, imene ounika mabuku ambiri ankaiona ngati malo otayako zonyansa. Margaret Atwood wa ku Canada, amene buku lake The Handmaid's Tale la 1985 linali loyamba kupambana mphoto ya Arthur C. Clarke m'chaka cha 1987, wakhala akunena kuti mabuku ake ndi speculative fiction chifukwa amakamba zinthu zotheka kuchitika pano padziko, osati zamoyo zochokera ku mapulaneti ena. Ursula K. Le Guin anamutsutsa m'nyuzipepala ya The Guardian m'chaka cha 2009, ponena kuti tanthauzo lotere ndi lopanikiza ndipo cholinga chake ndi kuteteza mabuku a Atwood kuti asanyozedwe pamodzi ndi anzawo. Atwood anafotokozanso maganizo ake m'buku la In Other Worlds la 2011, limene analipereka kwa Le Guin yemweyo. Mkangano wofanana unabuka m'chaka cha 2015 pamene Kazuo Ishiguro anatulutsa The Buried Giant, buku lokhala ndi chinjoka ndi ziwanda, n'kuonetsa nkhawa yoti owerenga angalitenge ngati nkhani wamba yamatsenga.

Olemba ena amathetsa vutoli posintha dzina lawo. Iain Banks wa ku Scotland ankasaina mabuku ake a sayansi ndi dzina loti Iain M. Banks, pamene ena onse ankasiya chilembo chapakaticho. J. K. Rowling amalemba nkhani zofufuza milandu m'dzina loti Robert Galbraith.

Mayina enanso amakanidwa chifukwa choonedwa kuti amapeputsa anthu. Mawu oti chick lit, amene anafala pambuyo pa buku la Helen Fielding la Bridget Jones's Diary la 1996, olemba ambiri aakazi amawakana ponena kuti nkhani zofanana zikalembedwa ndi mwamuna sizipatsidwa dzina lonyazitsa. Nthawi zina dzina limakhudza choona chenicheni cha nkhani. M'chaka cha 1991 Art Spiegelman analembera nyuzipepala ya The New York Times kupempha kuti buku lake la zithunzi, Maus, lichotsedwe pa mndandanda wa nkhani zopeka. Bukuli limafotokoza zimene bambo ake anakumana nazo pa nthawi imene chipani cha Nazi chinkapulula Ayuda, ngakhale anthu ake anajambulidwa ngati mbewa ndi amphaka. Nyuzipepalayo inavomera n'kulisamutsira ku nkhani zoona.

Mayina ndi nkhani za mu Africa

Dzina limene limamatidwa kawirikawiri pa mabuku a mu Africa okhala ndi mizimu ndi magical realism. Mawuwa anayamba ndi Franz Roh wa ku Germany m'chaka cha 1925 pokamba za zojambula, ndipo pambuyo pake anatchuka ndi mabuku a ku Latin America, makamaka a Gabriel García Márquez. Buku la Ben Okri wa ku Nigeria, The Famished Road, limene linapambana mphoto ya Booker m'chaka cha 1991, limaikidwa nthawi zambiri m'gulu limeneli. Otsutsa dzinali amati limachokera m'maso mwa mlendo: limatcha matsenga zinthu zimene anthu a m'nkhanimo, ndiponso owerenga ambiri a kumeneko, amaziona ngati mbali ya moyo weniweni, monga kulankhula ndi makolo amene anamwalira. Katswiri wa zolemba Harry Garuba wa ku Nigeria analimbikitsa kuti nkhani zotere zizimvedwa potengera chikhulupiriro choti zinthu za m'chilengedwe zili ndi mzimu.

Mawu oti Afrofuturism anapekedwa ndi Mark Dery wa ku America m'chaka cha 1993 pokamba za nkhani, nyimbo ndi zojambula za anthu akuda a ku America zoyang'ana m'tsogolo. Filimu ya Black Panther itatchuka m'chaka cha 2018, atolankhani anayamba kumata dzinali pa olemba a mu Africa momwe. Nnedi Okorafor, wobadwira ku United States kwa makolo a mtundu wa Igbo a ku Nigeria, anakana. M'chaka cha 2019 anafotokoza dzina lakelake loti Africanfuturism, loimira nkhani za sayansi zozikika pa chikhalidwe, mbiri ndi kaonedwe ka zinthu ka mu Africa, zimene siziika mayiko a azungu pakati. Nkhani zake zamizimu anazitcha Africanjujuism. M'chaka cha 2020 Wole Talabi anasonkhanitsa nkhani zingapo m'buku lokhala ndi dzina loti Africanfuturism.

Bungwe la African Speculative Fiction Society linasankha dzina lotakata lija, ndipo kuyambira 2017 limapereka mphoto ya Nommo, dzina lochokera m'chikhulupiriro cha anthu a mtundu wa Dogon a ku Mali. Ku Malawi, Shadreck Chikoti analemba buku la Chingerezi lotchedwa Azotus the Kingdom, lofotokoza Africa ya zaka mazana angapo zikubwerazo, ndipo anatsogolera ntchito yotulutsa buku la nkhani zazifupi la Imagine Africa 500.

Mayina a m'Chichewa

M'Chichewa mayina akale amagawa zolankhulidwa motsata kapangidwe ndi nthawi yake: nthano, miyambi, zilapi kapena ndagi, nthabwala ndi nyimbo. Nthano imadziwika msanga ndi mawu oyambira oti "padangokhala" ndi yankho la omvera loti "tili tonse". M'masukulu a sekondale a ku Malawi, phunziro la Chichewa limasiyanitsa nkhani zamchezo ndi nkhani zolembedwa, ndipo zolembedwazo zimagawidwa kukhala ndakatulo, zisudzo, nkhani zazifupi ndi nkhani zazitali.

Mawu oti nthano ali ndi matanthauzo awiri amene amabweretsa chisokonezo. Amaimira nkhani ya makolo monga za Kalulu ndi Fisi, komanso m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku amatanthauza chinthu chosachitika, monga munthu akanena kuti zimenezo ndi nthano chabe. Mawu oti nkhani nawonso ndi otakata, chifukwa amaphatikiza za m'nyuzipepala, milandu ndi macheza. N'chifukwa chake pamafunika kuwonjezera mawu oti yopeka. Buku la Nthondo la Samuel Josia Ntara, limene linatuluka m'chaka cha 1933 ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi ndi mutu woti Man of Africa, likuonetsa kuvuta kwa malirewa. Linalembedwa ngati mbiri ya moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka imfa, koma munthuyo ndi wopeka.

Magulu monga nkhani za sayansi alibe dzina limodzi lokhazikika m'Chichewa, choncho amafotokozedwa ndi mawu angapo kapena kutchulidwa m'Chingerezi. Mawu oti zamatsenga sagwirizana kwathunthu ndi fantasy, chifukwa kwa owerenga ambiri matsenga ndi ufiti si zinthu zongoseweretsa m'maganizo.

Zimene owerenga amakonda

Owerenga amasiyana pa kukula kwa gulu limene amafuna. Amene amawerenga mtundu umodzi kwambiri amakonda mayina atsatanetsatane. Kwa iwo kunena kuti buku ndi lofufuza mlandu sikokwanira: amafuna kudziwa ngati ndi cozy mystery, momwe mulibe magazi ambiri ndipo wofufuza ndi munthu wamba, kapena police procedural, yotsata kagwiridwe ntchito ka apolisi. Owerenga mwa apo ndi apo amakonda magulu ochepa osavuta kukumbukira, ndipo mayina ochuluka amawasokoneza.

Ena amasankha dzina poganizira ulemu. Munthu wamkulu wowerenga mabuku a zithunzi angakonde mawu oti graphic novel, amene anatchuka ndi buku la Will Eisner la A Contract with God la 1978, chifukwa mawu oti comics amamveka ngati za ana. Komabe olemba ena, monga Alan Moore, amaona dzina latsopanolo ngati njira ya amalonda yokwezera mtengo wa chinthu chomwecho.

Palinso owerenga amene amadandaula kuti dzina limaulula mathero. Nkhani imene mphamvu yake ili pa kukayikitsa ngati m'nyumba muli mzukwa kapena munthu wachinyengo imataya kukoma ikaikidwa pa shelefu ya nkhani zamizimu.

Intaneti yachepetsa vuto limodzi lakale. M'sitolo buku limakhala pa shelefu imodzi, koma pa masamba monga Goodreads owerenga amalipatsa zizindikiro zambiri nthawi imodzi. Ambiri tsopano amafufuza mabuku potengera kachitidwe ka m'nkhani, monga adani amene amadzakondana kapena mwana wamasiye amene amadzapezeka kuti ndi wa kubanja lachifumu, m'malo mwa dzina la gulu lonse. Ngakhale zili choncho, mphoto, masitolo ndi masilabasi a sukulu amafunabe kuti buku lililonse likhale ndi gulu limodzi lalikulu, ndipo pamenepo ndi pamene kusagwirizana pakati pa olemba, osindikiza ndi owerenga kumaonekera kwambiri.